Ababa Asinthidwa Shifiti

Lachitatu, 2 Julayi

Kachitatu tsopano. Ababa apezekanso pa zenera la a Hudson, tambala asanalire. Chijasi chawo cha ulonda, ndodo m'manja, nsapato osavala, kuzizira konseku. Ine osamva kanthu. Ndadzidzimuka ndi kukuwa kwa Rosie, mkazi wa a Hudson. Akuti amati asuzumire ngati kwacha, maso ndi maso ndi nkhalamba.

Ndawakoka dzanja mpaka kunyumba. Iwo kudabwa kuti ndikuwachotsa pa ntchito nthawi isanakwane. Ntchito yake iti? Ku esiteti ya tiyi anapuma kalekale, ichi ndi chaka chachisanu ndi chimodzi. Zaka makumi atatu akulondera fakitale usiku. Mutu waiwala dzina langa, waiwala kuti amayi anatisiya, koma ulonda wokha, iii, sunasunthe.

A Hudson sanakuwe. Bola akanakuwa. Angoima pakhomo panga, manja m'matumba. "Achemwali, mwana wanga Millie anayamba kutsokomola usiku womwe bambo anuwa anayamba kuima pa zenera langa. Ndikawapezanso, musadzati sindinanene."

Mawu oti mfiti sanawatchule. Atchulirenji, ndani sanamve? Gogo uja wa kutsidya kwa mtsinje anamugenda mpaka kufa, mlandu wake unali womwewu, kuyenda usiku.

Kumsewu kokagulitsa sindinapite. Mbatata ili m'thumba momwemo.

Lachisanu, 4 Julayi

Chitseko ndamanga ndi waya. Mphasa yanga ndayala pakhomo penipeni, akafuna kutuluka andiponde. Nyale ya sola ikuyaka usiku wonse kuti ndiziwaona.

Kugona sakugona. Kuzungulira m'nyumba, ngodya ndi ngodya, kugogoda ndodo pansi, kumvetsera, kuyambiranso. Kukacha, khu! pa bedi. Tsiku lonse ngati chipika.

Ndawonjezera thumba pamwamba pa bulangete la pa zenera lawo, dzuwa lisawasokoneze. Munthu amene sanagone usiku, si agone masana? Ndimo tinakulira. Ku nyumba za kampani kuja, ababa akangoweruka, amayi ankatseka zenera ndi bulangete lomweli, ife kunja. Ukaseka mokweza, khofi. Ukatsegula chitseko cha kuchipinda, chikoti. Ana a mlonda tinkadziwika ndi kunong'ona, ngakhale kusukulu aphunzitsi ankati tikweze mawu.

Ndamuimbira Vincent, mchimwene wanga, ku Bangwe. Ati tipemphere. Ndati ndikupemphera, koma pemphero silimanga chitseko. Ati nyumba yake ndi chipinda chimodzi, ana anayi. Ndikudziwa. Ndadulabe foni.

Lolemba, 7 Julayi

Kumsewu lero. Ndawodzera pa mbaula mpaka mbatata zitatu kupserera.

A Annette, anamwino aja amene amatsika minibasi pa benchi yanga, andiyang'ana m'maso n'kufunsa ngati ndikudwala. Sindikudziwa chandigwira. Ndangoyamba kulira, mbatata ili m'manja. Ndawauza zonse.

Abwera nane kunyumba dzuwa lili pamutu. Atsegula chipinda cha ababa, aima. Mdima wa ndiweyani. Fungo la nkhungu. Afunsa kuti ababa anaona liti dzuwa komaliza. Ndawerenga m'mutu, manyazi andigwira. Mwina Epulo.

"Janeti, masana mwawapangira usiku, usiku mwawayatsira masana. Ndiye mukufuna thupi lawo litani?"

Ndapsa mtima. Ndati bulangeteli lawagoneka zaka makumi atatu, inu musanabadwe n'komwe. Iwo ati inde, nthawi imeneyo anali ndi ntchito ya usiku. Nanga lero?



Akuti thupi lili ndi wotchi yake m'mutu, ndipo imakonzedwa ndi kuwala kolowa m'maso m'mawa. Likasowa kuwala masana, silidziwa kuti tsiku layamba liti, tulo timabwera mosokonekera. Kwa okalamba oiwalaiwala ngati ababa, ndiye zimanyanya. Matenda oiwalawo sachira, asandinamize, koma tulo tokha tingathe kubwerera m'malo mwake.

Zochita: bulangete lichoke. Kukangocha, ababa panja, maola awiri kapena kuposa. Masana asagone, kupatula kaphindi kochepa akadya. Madzulo nyale izime. Tiyi wa madzulo ayi.

Ndafunsa kuti zitenga masiku angati. Ati masabata awiri, mwina atatu. Atatu! A Hudson adikira masabata atatu?

Potuluka amva chifuwa cha Millie kuchokera kuseri kwa mpanda. Ati mwanayo apite kuchipatala msanga, ndimuuze Rosie. Ine amene. Ha!

Lachiwiri, 8 Julayi

Ndalichotsa. Misomali yadzimbiri, ndachita kuzula ndi mpeni. Fumbi, akangaude, mazira a nalimata. Kuwala kutalowa, ndaona khoma lili lobiriwira ndi chinyezi. Ababa amagona mmenemo, ine ndikumati ndikuwasamala.

Adzuka ngati ndawathira madzi. "Ndiwe mwana wa yani iwe, wopanda mwambo? Sukuona kuti munthu waweruka kumene?" Ndodo pa mkono wanga, phwa! Moyo wanga wonse sanandimenyepo. Ankamenya ndi amayi.

Ndawatulutsabe. Mpando pabwalo. Koma dzuwa la kuno nalo ndi laulesi, phiri limalitsekereza mpaka seveni itadutsa. Takhala pamthunzi wa phiri, mano akugundana, kudikira. Litatuluka, ababa adziphimba kumutu ndi chijasi. Ndavundukula. Aphimbanso. Ndavundukula. Mpaka naini.

Mkono watupa. Ndikulemba ndi ululu.

Lachinayi, 10 Julayi

Zachabe. Zachabechabe.

Masana kuwodzera pampando, ine kuwagwedeza ngati ndikupeta. Ndikatembenuka kuti ndisonkheze moto, agona. Ndawapatsa nandolo kuti asende, agona nandolo ali m'manja.

Usiku wathawu ndiye anandionetsa zakuda. Walira mvula walira matope: bulangete litachoka, ababa atulukira kuti m'chipinda mwawo muli zenera. Nyale yozima, ine pakhomo ndikulondera chitseko ngati chitsiru, iwo atulukira kumbuyo. Chandidzutsa ndi mphepo yozizira. Ndawapeza pa nthochi za m'malire, mapazi khumi okha kuti afike pa khoma la a Hudson. Ndawagwira pakamwa, ndawabweza chokwawa. Galu sanauwe. Mulungu yekha.

Lero ndakhoma matabwa atatu pa zenera, motalikirana, kuwala kuzilowa koma munthu asatuluke.

Ku mjigo Rosie sanandiyankhe moni. Ndalimba mtima, ndamuuza za a Annette. Wandiyang'ana kuyambira kuphazi. Ati anapita kale kwa munthu wina kutsidya kwa Muloza, ndipo munthuyo anaona zonse, anaona wina woima pa zenera. Ndati nanga si munamuuza nokha za zeneralo? Pakamwa pangapa padzandiphetsa.

Loweruka, 12 Julayi

Maganizo andibwerera ndikuchapa chijasi. M'thumba muli kakhadi kawo ka ntchito, kofufutika, nambala yokha ikuoneka. Ababa samvera ine. Sanamvereko amayi, sanamvereko abusa. Munthu mmodzi yekha padziko pano ankati akalankhula iwo n'kuima njo: kapitawo.

Ndamuimbira Vincent. Ndati lero ugwireko ntchito, m'bale wanga, yaulere, ya pakamwa pokha. Wayamba ndi zakezo, ati kunamiza kholo ndi tchimo. Ndati kuika kholo m'manda lili ndi mabala a miyala ndiye n'chiyani?

Madzulo waimba. Ndakweza mawu a foni. Koma Vincent! Mawu okhuthala ngati wameza chule, Chingerezi chothyokathyoka pamwamba. "Mulipa! Kuyambira Lolemba wasinthidwa shifiti. Sikisi m'mawa mpaka faifi madzulo, geti ya kumsewu. Usiku taika wina. Ndikakupeza ukuyenda usiku, ndikudula tikiti."

Ababa aimirira, mapazi pamodzi, chipewa m'manja. "Yesi, bwana."

Ndathawira kuseri kwa bafa. Kuseka, kenako kulira, kenako sindikudziwa.

Lolemba, 14 Julayi

Geti ya kumsewu ndi benchi yanga ya mbatata. Hafu faifi anali atavala kale, akundikalipira kuti ndiwachedwetsa.

Tsiku lonse chilili. Ndawapatsa mpando, akana, ati mlonda sakhala. Minibasi iliyonse ya ku Muloza ikaima, aizungulira, ayang'ana matayala, aloza ndi ndodo kuti ipite. Makondakitala poyamba kudabwa, kenako ayamba kuwachitira sawatcha. A kabaza awatcha kale Inspekita. Wina wawagulira nzimbe.

Pamsewu dzuwa limafika msanga kuposa kunyumba, palibe mitengo. Lawawomba kumaso kuyambira m'mawa. Maso akulengeza misozi, koma sanaphimbe. Pa ntchito saphimba.

Amayi ena odutsa ati, kodi a Mulipa alipo? Timayesa anapita kwa mwana wawo ku Blantyre. Mudzi womwewu, nyumba yachisanu kuchokera pa mjigo. Ndinawabisa ndine.

Usiku agona mpaka cha m'ma leveni. Kenako kuzungulira, koma chijasi sanavale. Ati akungoona ngati mnzawo wausiku wafika.

Lachinayi, 17 Julayi

Chiperoni. Kalanga ine!

Kuyambira dzulo phiri kulibe, minda ya tiyi kulibe, msewu ukuthera pamphuno. Kamvula kosaleka kaja, konyowetsa mpaka m'mafupa. Dzuwa ndiye mankhwala anga, ndipo latha ngati panado wa pa kantini.

Ndawadikira a Annette pa siteji ngati ndikudikira chibwenzi. Ati ndisataye mtima, kunja ndi kunja. Ngakhale kuli nkhungu chonchi, kuwala kwa panja kumaposa kwa m'nyumba kutalitali, maso athu okha ndi amene amatinamiza. Ndiwafunditse bwino, asanyowe, koma atuluke.

Ndawaveka majuzi awiri, chijasi, pulasitiki pamwamba, masokosi a Vincent. Ndawaimika pansi pa kadenga ka benchi, mbaula pafupi. Mayi wina wogula wandinena pamaso, ati ana a masiku ano nkhanza, nkhalamba pa chiperoni ngati mbuzi. Ndamuwonjezera mbatata imodzi kuti achoke msanga.

Chifuwa cha Millie chikumveka mpaka kuno. Sichikumvekanso ngati chifuwa, chikumveka ngati macheka.

Lamulungu, 20 Julayi

Naini mpaka folo! Maola asanu ndi awiri, osatembenuka. Ndinadzuka katatu kukaika dzanja pamphuno pawo.

Kutchalitchi sindinapite, geti siitsekedwa Lamulungu. Chiperoni chayamba kutha, phiri laonekera theka.

Ababa adya bwino, mbale yonse ya kalongonda. Andiyang'ana nthawi yaitali, ati, "Iwe ukufanana ndi mwana wanga wina." Ndati ndi uti? Ati wamwano uja. Basi, zandikwanira.

Millie apita naye kuchipatala lero m'mawa, pa njinga yamoto, Rosie atamukulunga mu bulangete, mutu uli lende. Pafupifupi masabata atatu akutsokomola. A Hudson podutsa pa benchi anayang'ana ababa, ababa n'kuwachitira sawatcha. A Hudson anangodutsa.

Ambuye, mwanayo achire. Ndikupempherera iye, inde, koma ndisaname, ndikupemphereranso ife.

Lachitatu, 23 Julayi, madzulo

Millie wapita. Zaka zitatu. Chibayo, akuti anafika nacho mochedwa.

Kulira kwayamba cha m'ma thuu. Ndinali kumsewu, ndamva, mpeni wagwa m'manja. Kamwana kaja kankabwera pa mpanda kudzapempha mbatata yopserera, kamati ndiyo yokoma.

Thupi lafika. Usiku uno ndi pa siwa, mawa kumanda.

Tsono nditani?

Ndikakhala kunyumba ndi ababa, ati onani, akudziwa chimene achita, ngakhale pamaliro a khomo loyandikana sanaponde. Maliro n'kulirana, wosabwera wadziulula yekha. Ndikapita ndekha n'kuwatsekera, akadzuka n'kuthyola matabwa aja, akapezeka mumdima kuseri kwa nyumba ya maliro, sipadzakhala wofunsa funso. Ndikapita nawo, akakhala ndi amuna panja pa moto, ine m'nyumba ndi amayi, sindingawafikire. Moto wowala, nyali, nyimbo usiku wonse, zonse zimene a Annette analetsa. Akangodzuka pakati pa usiku n'kuyamba kuzungulira nyumba, kugogoda ndodo, kusuzumira pa zenera pamene pagona mwanayo?

Vincent ati ndithawe nawo ku Bangwe usiku uno. Minibasi yake iti? Ndipo wothawa ndiye wavomera.

Masiku khumi okha a pa geti. Mausiku anayi okha ogona bwino. Ndi zimene ndili nazo, palibenso china.

Lero sindinawalole ngakhale kaphindi ka masana. Nditamva kulira kuja ndawayendetsa mpaka pa mlatho n'kubwerera, kawiri, dzuwa lili kumaso. Adandaula miyendo. Pepani ababa.

Ndodo ndabisa padenga. Ndawauza kuti kuli maliro a mwana wa mnzathu wa pa ntchito, akapitawo ati tonse tikapezekeko. Avala jekete la kutchalitchi.

Tikupita.

Lachinayi, 24 Julayi

Taika. Kabokosi kakang'ono, munthu mmodzi ananyamula.

Ndilembe za usiku, mwina mtima ukhala pansi.

Titafika, anthu anatsegula njira mofulumira kwambiri, ngati tanyamula moto. Palibe anatipatsa moni. Ndinawakhazika ababa pa benchi ya kumapeto, msana ku khoma la khitchini, kutali pang'ono ndi moto. Ndisanalowe m'nyumba ndinaona a Hudson akunyamuka pamene anakhala ndi abale awo, akukoka chitsa, n'kukhala moyang'anizana ndi ababa. Pafupi, mawondo kutsala pang'ono kugundana.

M'nyumba ndinakhala pafupi ndi chitseko, koma amayi anadzaza, chitseko chinatsekedwa chifukwa cha mphepo. Sindinaone kanthu. Ndinaimba nyimbo zonse, sindikukumbuka ngakhale imodzi. Khutu lili panja. Wina akatsokomola, mtima phaa. Chikuni chikathetheka, ndati ayamba. Rosie analira mpaka mawu kutha, kenako anangogona pamiyendo pa amayi ake, maso ali tong'o. Kamodzi anandiyang'ana. Sindinathe kudziwa za m'maso mwake.

Kutangoyera ndinatuluka, ngati ndikupita kukatunga madzi.

Moto utazima, phulusa lokha. Amuna ena atagona m'zitenje za akazi awo, ena atapita. Ababa ali pa benchi pomwe ndinawasiya, atapendekera ku khoma, kukamwa yasa, mkonono ngati chigayo. Mame pa chipewa.

A Hudson ali pa chitsa chomwe chija. Maso ofiira, osaphethira. Pansi pa miyendo yawo, chobisika theka ndi thumba, chikwanje. Chonoledwa kumene, kukamwa kwake kukuyera.

Ndinangokhala pansi pa dothi.

Analankhula osandiyang'ana. "Agona nyimbo yachiwiri isanathe. Ndawadikira usiku wonse kuti adzuke. Ndimati akangoimirira, akangoponda phazi limodzi kulowera ku zenera lija. Sanatembenuke n'komwe."



Kenako dzuwa linatulukira pamwamba pa phiri, linawomba khoma la khitchini. Ababa anatsegula maso okha, popanda wowagwedeza. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana a Hudson, n'kuvula chipewa. Ati pepani bambo ndi zovutazi, koma mundilole, nthawi ya ntchito yakwana.

A Hudson anawayang'ana, anawayang'ana. Nkhope inayamba kugwedezeka. Anatembenukira kwa ine, mawu ang'onoang'ono ngati a mwana. "Achemwali, nanga mwana wanga wapita ndi chiyani?"

Yankho ndinali nalo. Ndakhala nalo kuyambira tsiku lija pa mjigo, pamene ndinamuuza Rosie za chipatala, lakuthwa bwino, ndipo ine si munthu wosunga mawu. Ndinayang'ana bambo uja, ndinaona kuti nayenso ali nalo, wakhala nalo usiku wonse pa chitsa paja.

Sindinanene. Ndinakankhira chikwanje pansi pa benchi ndi phazi, anthu asanadzuke n'kuchiona.